Malo Opanda Kanthu pa Injini ya Galimoto Yakale

Ana inu, tsiku lina mukadzapeza makanika atatsegula boneti ya galimoto yakale, mudzapemphe mwaulemu kuti musuzumiremo. Inunso aphunzitsi, ngati pafupi ndi sukulu pali galaja, ulendo wa kumeneko ndi ana sungapite pacabe. Pa magalimoto ena mudzaona pambali pa injini citsulo cokhala ndi mabowo a mabauti, koma popanda comangidwapo. Mwina mudzaonanso paipi yodulidwa, yotsekedwa kumapeto. Pamalo otere panali makina amene mwini galimoto anawacotsa, ndipo kawirikawiri amakhala amodzi mwa awa: makina oziziritsa mpweya m'galimoto, amene anthu amati eyakoni, kapena pampu yopeputsa ciwongolero, imene amakanika amati pawa sitiyaringi. Kale anthu anali kulipira ndalama zambiri kuti akhale nazo zinthu zimenezi. Nanga munthu angazicotserenji? Kuti tiyankhe tiyenera kupita ku America, kumene zonse ziwiri zinayambira.

Poyamba timvetse za lamba. Amene munalowapo m'cigayo mudziwa kuti injini imakhala apa, mphero apo, ndipo pakati pake pamathamanga lamba. M'galimoto n'cimodzimodzi. Kutsogolo kwa injini kuli kagudumu kamene kamazungulira nthawi yonse injini ikamalira, ndipo malamba amatenga mphamvu pa kagudumuko kupita nayo ku pampu ya madzi ozizitsa injini, ndi ku makina opangira magetsi a batire. Lamba wa mphira wosongoka kunsi, wolowa mu mpata wa kagudumu, anamupanga John Gates mu mzinda wa Denver m'caka ca 1917. Tsono kumbukirani njinga yokhala ndi dainamo ya nyali. Mukakhudzika dainamo ku tayala nyali imayaka, koma kupalasa kumalemerako. Ciriconse comangidwa pa lamba cimadyako mphamvu ya injini motero, ndipo mphamvu ya injini ndiwo mafuta amene mwini galimoto amagula.

Makina oziziritsa mpweya sanapangidwire galimoto, ndiponso sanapangidwire anthu. M'caka ca 1902 mnyamata wina wodziwa za makina, Willis Carrier, anapatsidwa bvuto la nyumba yosindikizira mabuku ku Brooklyn, mu mzinda wa New York. Cinyezi ca mumpweya cinali kufutukutsa mapepala, mitundu ya inki nkumagwera posayenera. Carrier anapeza kuti mpweya ukazizira umataya cinyezi cake, ndipo anapanga makina ocita zimenezo. Cinsinsi ca makina onse oziziritsa mungacione m'kalasi momwemo: donthezani sipiriti pa dzanja, mudzamva kuzizira pamene ikuuma, cifukwa ca madzi cikamasanduka mpweya cimanyamula kutentha. M'makinawo muli gasi amene amapanikizidwa, natayitsidwa kutentha kwake mpaka asanduke wamadzi, kenaka amaloledwa kusandukanso mpweya m'timapaipi, timapaipito nkuzizira. Cimene cimapanikiza gasiyo ndi kompuresa, ndipo m'galimoto kompuresa imayendetsedwa ndi lamba.

Magasi oyamba, monga amoniya, anali akupha kapena oyaka moto, ndipo palibe akadalola kukhala nawo m'galimoto yotseka mazenera. M'caka ca 1928 Thomas Midgley ndi anzake, pogwirira nchito kampani ya General Motors, anapeza gasi wina amene pambuyo pake anachuka ndi dzina lakuti Freon, kapena R-12. Mu 1930 Midgley anaimirira pamaso pa akatswiri anzake, nakoka gasiyo m'mapapo, namuuzira pa kandulo mpaka inazima, kusonyeza kuti sapha munthu ndipo sayaka. Onse anakhutira. Dzina la gasi ameneyu mulisunge, pakuti tidzakumana nayenso.

Kampani ya Packard ndiyo inayamba kugulitsa magalimoto oziziritsa mkati m'caka ca 1939. Mtengo wa makinawo pawokha unali madola 274, ndalama zambiri kwa anthu amene anali atangopyola zaka za umphawi waukulu. Anadzaza pafupifupi theka la buti. Koma cimene cikhudza nkhani yathu ndi ici: kompuresa yake inalibe cozimitsira. Injini ikalira, nayonso inali kuzungulira. Nyengo yacisanu ikafika, woyendetsa anayenera kuimitsa galimoto, kuzimitsa injini, kutsegula boneti ndi kucotsa lamba. Cotero mwambo wocotsa lamba wa eyakoni ndi wamkulu msinkhu mofanana ndi eyakoni ya m'galimoto yeniyeniyo. Ogula anali ocepa, ndipo Packard inaleka malondawo pambuyo pa 1941.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itatha zinthu zinasintha. Mu 1954 kampani ya Nash inakwanitsa kuika makina onse kutsogolo kwa galimoto, buti nkutsala ya katundu. Kunabweranso kilachi ya maginito pa kagudumu ka kompuresa, kotero kuti woyendetsa akazimitsa, kagudumu kamangozungulira kokha kompuresa iri phee. Pofika 1969 magalimoto atsopano oposa theka a ku America anali ndi eyakoni.

Tsopano titembenukire ku ciwongolero. Malole akale anali olemera, ndipo kukhotetsa lole yodzaza katundu pamalo opanikiza inali nchito yotulutsa thukuta. Francis Davis, amene anagwirapo nchito ku mbali yopanga malole ya kampani ya Pierce-Arrow, anaganiza zakuti mafuta opanikizidwa athandize manja a woyendetsa. M'caka ca 1926 anaika makina ake m'galimoto nawaonetsa kwa akuluakulu a General Motors. Anawakonda, koma cuma ca dziko citagwa mu 1929 anaona kuti mtengo wake udzathawitsa ogula, nawaika pambali. Davis anapita ku kampani ya Bendix. Cimene mtendere unakana nkhondo inacilandira: magalimoto a asilikali okutidwa ndi zitsulo anali olemera koposa, ndipo ambiri anaikidwa makina a mtundu umenewu. Anthu wamba anawalandira mu 1951, pamene Chrysler inawaika m'galimoto yake ya Imperial ndi dzina lakuti Hydraguide. Cadillac inatsatira mu 1952.

Kagwiridwe kake nkosabvuta kumva. Lamba amazunguza pampu, pampu imakankha mafuta m'paipi, ndipo mukakhotetsa ciwongolero kumanja, kakhomo kamatsegukira mafutawo kuti akankhire magudumu kumanja komweko. Bvuto lake nlakuti pampu imeneyi iribe kilachi. Ngakhale galimoto iyende mtunda wautali pa msewu wowongoka, ciwongolero cosakhudzidwa, pampu imangozunguza mafuta, kudya mphamvu popanda nchito.

Pamene petulo anali wochipa panalibe wodandaula. Koma mu 1973 maiko a Aluya ogulitsa mafuta anacepetsa malonda awo, ndipo m'miyezi yowerengeka mtengo wa mbiya imodzi unacoka pa madola pafupifupi 3 kufika pafupifupi 12. Kuyambira pamenepo oyendetsa anaphunzira kufunsa za ciriconse ca pa injini kuti cimadya zingati. Ocita mipikisano ya liwiro anali kufunsa kale funso limeneli, pakuti kwa iwo kilogalamu iriyonse ndi mdani.

Nkhonya yaikulu inagwera eyakoni kucokera kumwamba. Pamtunda wa makilomita 15 mpaka 35 kucokera pansi pali mpweya wochedwa ozoni, umene umachinga ceza ca dzuwa coononga khungu, maso ndi mbeu. M'caka ca 1974 akatswiri awiri a ku California, Mario Molina ndi Sherwood Rowland, anacenjeza kuti magasi a mtundu wa Freon saola. Amakwera pang'onopang'ono mpaka kumeneko, dzuwa nkuwaphwanya, ndipo kolorini yotulukamo imadya ozoni. Ambiri anakayika. Koma mu 1985 akatswiri a ku Britain ogwira nchito ku Antarctica analengeza kuti ozoni ya pamwamba pa dziko lacisanulo yapyapyala koopsa. Mu 1987 maiko anasaina pangano mu mzinda wa Montreal ku Canada lakuti aleke kupanga magasi amenewa, ndipo m'kupita kwa zaka maiko onse a m'bungwe la United Nations, Zambia pamodzi, analibvomereza. Maiko olemera analeka kupanga R-12 pofika 1996, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2010. Midgley uja, amene anafa mu 1944, sanadziwe zimenezi. Ndiyenso anapeza mu 1921 mtobvu wothira mu petulo, umene nawonso unadzaletsedwa cifukwa codwalitsa anthu.

Opanga magalimoto anasamukira ku gasi wina, R-134a, ca m'ma 1992 mpaka 1994. Tsono lingalirani mwini galimoto ya 1985. Mapaipi a mphira akalamba, gasi watha, kompuresa ikulira ngati mphero yopanda cimanga. R-12 sapezeka, kapena akapezeka ndi wodula. Kusinthira ku gasi watsopano kufuna mafuta ena a m'kompuresa ndi zipangizo zina, ndipo nthawi zina mtengo wake ungapikisane ndi wa galimoto yonse. Pampu ya ciwongolero nayo ikudontha. Munthuyo amawerengera, naganiza zocotsa zonse ziwiri kuti injini ipepuke, malo ogwirirapo sipanala acuruke, ndi zinthu zothyoka zicepe.

Pa eyakoni maganizo amenewa ali ndi nzeru, malinga nchito iyambe ndi gasi. Gasi wotsala ayenera kukokedwa ndi makina ake nasungidwa m'botolo lacitsulo. Ku America lamulo linaletsa kumutayira mumpweya mwadala kuyambira 1992. Palinso ngozi ya pomwepo: R-12 amawira pa madigiri pafupifupi 30 pansi pa ziro, cotero akafwamphukira pa dzanja amaumitsa khungu, akalowa m'diso angalicititse khungu, ndipo akakhudza lawi la moto amatulutsa utsi wakupha. Ana inu, musadzamasule paipi iriyonse ya makina oziziritsa, kaya a galimoto kaya a firiji yotayidwa. Gasi akacoka, zotsalazo ndi mabauti cabe: kompuresa, ndi cotayira kutentha cimene cimakhala kutsogolo kwa rediyeta. Kucotsa ici kumathandiza mphepo kufika bwino pa rediyeta. Koma amene ayembekezera kuti galimoto idzauluka adzakhumudwa, pakuti kilachi ija inali itacepetsa kale kudya kwa kompuresa yozimitsidwa. Phindu lenileni ndi kulemera kumene kwacoka. Cimene wataya adzacidziwa tsiku la mvula, galasi lakutsogolo likacita nthunzi, cifukwa nchito yoyamba ija ya Carrier, youmitsa mpweya, ndiyo inali kulipukuta.

Za lamba zimadalira zaka za galimoto. Pa injini zakale panali malamba angapo osiyana, ndipo kucotsa mmodzi sikunasokoneze ena. Koma kuyambira ndi Ford Mustang ya 1979 kunafala lamba mmodzi wautali wokhotakhota ngati njoka, woyendetsa zonse pamodzi. Pa injini yotere makanika ayenera kupeza lamba wamfupi wa muyeso weniweni, kapena kuika kagudumu kopanda nchito pamalo pa cimene cacotsedwa. Ayeneranso kuonetsetsa kuti pampu ya madzi ikuzungulirabe ku mbali yake, pakuti ikazungulira cobwerera injini idzatentha nkuonongeka.

Pa ciwongolero ndipo pofunika kuima kaye. Anthu ena amati, makolo athu anayendetsa magalimoto opanda pampu, nanga ife tilephera bwanji? Amaiwala kuti magalimoto amenewo anapangidwira manja. Magiya a m'bokosi la ciwongolero cawo anali ngati giya yokwerera phiri pa njinga: munthu anali kuzunguza kambiri, koma mopepuka. Bokosi lopangidwira pampu liri ndi magiya ofuna kuzunguza pang'ono, cifukwa mafuta ndiwo amasenza katundu. Mukangodula lamba, ciwongolero cimalemera kuposa ca galimoto imene sinakhalepo ndi pampu, makamaka poyenda pang'onopang'ono ndi poimika. Taganizani mwana wathamangira pamsewu pafupi ndi msika, woyendetsa nafuna kupatuka msanga. Makanika wosamala amasintha bokosi lonse naika lopangidwira manja. Likasowa, ena amalumikiza mapaipi awiri a bokosilo nasiyamo mafuta kuti lisaume, koma kulemera kumatsalabe. Ndiponso pa magalimoto ena akuluakulu, makamaka a dizilo a ku America, pampu yomweyo ndiyo imathandiza mabuleki, ndipo woicotsa mosadziwa wacotsa zinthu ziwiri. Ine ndikadafunsidwa, ndikadati eyakoni yakufa icoke, koma pampu ya ciwongolero ikonzedwe ngati bokosi loyenera silinapezeke.

Cocititsa cidwi ncakuti opanga magalimoto nawonso anafika pa maganizo a eni magalimoto akale aja, koma anadzera njira yina. M'caka ca 1988 kampani ya Suzuki ku Japan inatulutsa kagalimoto kakang'ono kochedwa Cervo, kamene ciwongolero cake cinali kuthandizidwa ndi kamota ka magetsi. Kamotako kamagwira nchito pokhapokha woyendetsa akakhotetsa, ndipo sikafuna lamba, pampu kapena mafuta. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri atsopano tsopano ali otero, pamodzi ndi ambiri ogwiritsidwapo kale nchito amene amafika m'misewu ya Zambia kucokera ku Japan. R-134a nayenso anapezeka kuti amatenthetsa dziko, ndipo pangano la ku Kigali la 2016 linalamula kuti acepetsedwe. Cotero mukadzasuzumira mu boneti ndi kusowa pampu ya ciwongolero, mufunse makanikayo caka cimene galimotoyo inapangidwa, ndipo muyang'ane ngati pali mabowo a mabauti otsala pambali pa injini.