Banja la Oimba Awiri: Johnny Cash ndi June Carter

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, nkhani yathu ya lero icokera ku dziko la America. Tidzamva za mwamuna ndi mkazi amene ukwati wao unagwirizanitsa mitundu iwiri ya nyimbo, wakale ndi watsopano.

Mtundu wakale ndi wa nyimbo zochedwa country, ndiko kuti nyimbo za alimi a ku midzi. M'caka ca 1927, anthu atatu a banja la Carter anacoka ku mapiri a Virginia napita ku tauni ya Bristol kukajambulitsa nyimbo zao pa zimbale. Mkulu wao, A.P. Carter, anali kuyenda mudzi ndi mudzi kufunafuna nyimbo zimene nkhalamba zinali kuimba, kuopa kuti zingaiwalike. Pa maulendo ambiri anatsagana ndi Lesley Riddle, munthu wakuda wodziwa kuliza gitala, amene anali kusunga maimbidwe a nyimbozo pamtima. June anabadwira m'banja limeneli mu 1929. Amai ake, Maybelle, anali katswiri wa gitala, ndipo June anayamba kuimba pa wailesi ali ndi zaka 10.

Mtundu watsopano ndi rockabilly. Unayamba pamene anyamata ena anasakaniza nyimbo za country ndi nyimbo za blues za anthu akuda, naziimba mofulumira kuti anthu avine. Mmodzi wa iwo anali Johnny Cash, wobadwa mu 1932 ku Arkansas, amene anakula akuthyola thonje m'munda wa atate ake. Mu 1955 anatulutsa cimbale cake coyamba pa kampani ya Sun Records mu mzinda wa Memphis, komwe Elvis Presley nayenso anayambira.

Kuchuka kwa Johnny kunadza ndi tsoka. Poyenda usana ndi usiku kukaimba m'mizinda, anazolowera kumwa mapilisi oletsa tulo. Thupi linaonda, nthawi zina analephera kufika kumene anthu anali kumuyembekezera, ndipo ukwati wake woyamba unatha. June, amene anayamba kuyenda ndi gulu lake kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, sanamutaye. Iye pamodzi ndi makolo ake anakhala naye pafupi pamene anali kulimbana ndi cizolowezi coipaco. Pa 1 Malichi 1968 awiriwa anakwatirana ku Franklin, m'cigawo ca Kentucky, ndipo m'caka comweco analandira mphoto ya Grammy cifukwa ca nyimbo yao yochedwa Jackson.

Johnny nayenso anabweza zabwino. Kucokera mu 1969 kufikira mu 1971 anali ndi pologalamu yake pa wailesi ya kanema, ndipo anali kuimba pamodzi ndi mkazi wake, apongozi ake ndi alamu ake. Motero nyimbo za m'mapiri zija zinafika m'makutu mwa acinyamata amene anali asanazimvepo.

Cizolowezi ca mapilisi cinabweranso m'zaka zina, koma banja silinapasuke. Anakhala pamodzi zaka 35. June anamwalira pa 15 Meyi 2003, ndipo Johnny anamutsatira pa 12 Sepitembala caka comweco.

Ana inu, nyimbo ya makolo imafa ngati palibe woiimba. Mukaweruka lero, pemphani agogo anu kuti akuphunzitseni nyimbo imodzi ya pa mtondo kapena ya m'munda. Muilembe m'buku lanu, ndipo mawa mukaiimbire anzanu m'kalasi.