Wailesi yakanema ya plasma

Wailesi yakanema ya plasma ndi mtundu wa TV yopyapyala imene imaonetsa zithunzi pogwiritsa ntchito mpweya wotsekeredwa m'timaselo ting'onoting'ono pakati pa magalasi awiri. Inatchuka kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mpaka mu 2014, pamene makampani akuluakulu anasiya kuipanga. M'Malawi, kuphatikizapo pa boma la Mzimba ndi madera akummwera kwake, dzina loti plasma linakhalirira, moti anthu ambiri amatchula choncho TV iliyonse yopanda chimsana, ngakhale zambiri mwa izo zili za mtundu wa LCD kapena LED. Kusiyanaku si kwa dzina lokha. Plasma yeniyeni imalemera, imatentha, ndipo imadya magetsi ochuluka kuposa zinazo, zomwe zimakhudza kwambiri banja logwiritsa ntchito sola kapena magetsi ogula mayunitsi.

Mmene imagwirira ntchito

Kadontho kalikonse ka chithunzi pa sikirini ya plasma kali ndi timaselo titatu: kofiira, kobiriwira ndi ka buluu. M'timaselomu muli mpweya wa neon ndi xenon. Magetsi akadutsamo, mpweyawo umasanduka plasma, kutanthauza mpweya umene tizigawo take tanyamula mphamvu ya magetsi, ndipo umatulutsa kuwala kwa ultraviolet kumene maso a munthu sakuona. Kuwalako kumamenya mankhwala a phosphor opakidwa m'kati mwa kaselo, ndipo mankhwalawo ndi amene amawala ndi mtundu woonekawo.

Choncho kadontho kalikonse kamadziunikira kokha, pamene TV ya LCD imadalira nyali zoikidwa kumbuyo kwa sikirini. N'chifukwa chake pa plasma mbali zakuda za chithunzi zimadadi bii, mpira ukamathamanga susiya chizimezime, ndipo munthu wokhala cham'mbali amaona bwino mofanana ndi wokhala pakati. Vuto lake ndi galasi lakutsogolo, limene limanyezimira masana ngati TV yayang'anizana ndi windo kapena chitseko.

Mbiri

Sikirini yoyamba ya plasma inapangidwa mu 1964 pa University of Illinois ku America ndi Donald Bitzer, Gene Slottow ndi wophunzira wawo Robert Willson. Inali ya makompyuta ophunzitsira otchedwa PLATO, ndipo inkawala mtundu umodzi wokha. Kampani ya Fujitsu ya ku Japan inatulutsa ya mitundu yonse ya mainchesi 21 mu 1992, kenako ya mainchesi 42 mu 1995. Pofika mu 2006 Panasonic inali itapanga ya mainchesi 103.

Nthawi yomweyo ma LCD anali kukula komanso kutsika mtengo. Pioneer, imene plasma zake za Kuro zinkayamikiridwa kwambiri, inalengeza mu 2009 kuti ikusiya kupanga ma TV. Panasonic, Samsung ndi LG zinasiya kupanga plasma mu 2014. Izi zikutanthauza kuti plasma yeniyeni iliyonse imene ikugulitsidwa lero yatha zaka zambiri chipangireni, kaya wogulitsa anene kuti ndi yatsopano.

Mmene zinafikira ku Mzimba

Dziko la Malawi linachedwa kukhala ndi wailesi yakanema yakeyake. Mu ulamuliro wa Kamuzu Banda kunalibe, ndipo Television Malawi inayamba kuulutsa pa 1 April 1999, kenako inaphatikizidwa ndi MBC. Pamene plasma inkafala kunja, mabanja ambiri a kuno anali akungogula kumene TV yawo yoyamba yachimsana.

Mzimba ili ndi mbiri yaitali ya anthu opita kukagwira ntchito ku South Africa, kuyambira nthawi ya WENELA ndi TEBA mpaka maulendo a ku Joni a masiku ano. Katundu wambiri wa m'nyumba, monga mafiriji, mipando, zoimbira ndi ma TV, amabwera ndi anthu amenewa kapena amatumizidwa kudzera mwa onyamula katundu amene anthu amawatcha ma transporter. Ulendo wake umachokera ku Johannesburg, kudutsa pa Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete, kulowa m'Malawi pa Mwanza kapena pa Dedza, kumene a MRA amaona za msonkho, kenako kutsata msewu wa M1 mpaka pa Jenda. Kuchokera pamenepo katundu wina amapitirira ku boma, wina amakhotera ku Embangweni, Edingeni ndi midzi yozungulira, m'misewu imene yambiri ndi yafumbi.

Ulendo wotere ndi wovuta kwa plasma. Magalasi ake ndi aakulu ndi olemera, ndipo opanga ankalangiza kuti izinyamulidwa choimirira. Ikagonekedwa chafufumimba kapena chagada, n'kusanjikizidwa katundu wina pamwamba, galasi limatha kuthetheka galimoto ikagwera m'dzenje. Galasi likathetheka mpweya umathawa, ndipo palibe mmisiri amene angaubwezeremo. TV yochokera ku South Africa imabweranso ndi pulagi ya mano atatu ozungulira, pamene masoketi a ku Malawi ndi a mano angodya, motero pamafunika adaputa yolimba kapena kusintha pulagiyo. Mphamvu ya magetsi ya maiko awiriwa ndi yofanana, mavoti 230.

Kuzindikira ndi kusankha

Plasma yeniyeni imadziwika mosavuta. Kutsogolo kwake ndi galasi lolimba ngati la windo, pamene sikirini ya LCD imabonyoka pang'ono munthu akaidina ndi chala. Ya mainchesi 42 imafuna anthu awiri kuti ainyamule bwino. Ikayaka kwa theka la ola, pamwamba pake pamamveka kutentha. Zambiri zinali za mainchesi 42 kupita m'mwamba, choncho TV ya mainchesi 24 imene wina akuitcha plasma ndi LCD kapena LED. Kapepala komata kumbuyo kamathandizanso: za Samsung zambiri zimayamba ndi zilembo PS, za Panasonic TH-P, ndipo za LG zimakhala ndi chilembo P pambuyo pa nambala ya mainchesi. Pakapepala pomwepo pamalembedwa mawati amene TV imadya.

Mawu oti HD amatanthauza chithunzi cha mizere 720 kapena kuposerapo. Plasma zambiri za mainchesi 42 zolembedwa HD Ready zinali ndi timadontho 1024 m'litali ndi 768 m'lifupi, pamene za Full HD zili ndi 1920 ndi 1080. Zina zakale kwambiri zinali ndi mizere 480 yokha, ndipo si za HD ngakhale zili zazikulu.

TV payokha siibweretsa HD. Pamafunika dikoda ndi tchanelo za HD, komanso chingwe cha HDMI. Chingwe chija cha mitu itatu, wachikasu, wofiira ndi woyera, sichinyamula chithunzi cha HD, ndipo m'nyumba zambiri TV yabwino imaoneka ngati yotopa chifukwa cha chingwe chokhachi. Komanso plasma zambiri zinapangidwa maiko a m'chigawo chino asanasamukire ku maulutsidwe a dijito a DVB-T2, motero sizigwira matchanelo a m'dziko muno pa eriyo yokha. Zimafuna dikoda, monga ya Kiliye Kiliye kapena GOtv kumene netiweki yake imafika, kapena mbale ya setilaiti ya DStv, Azam TV ndi zina.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, njira yodalirika ndiyo kuiyatsa n'kuikapo chithunzi choyera mbee sikirini yonse. Pamenepo pamaoneka mizere yakufa, madontho, ndiponso mithunzi ya zinthu zimene zinapsererapo.

Magetsi

Apa ndi pamene plasma imawavuta eni ake ambiri. Ya mainchesi 42 mpaka 50 imadya pakati pa mawati 150 ndi 400, malinga ndi chaka chimene inapangidwa komanso kuwala kwa chithunzi, pamene LED ya mainchesi 32 kawirikawiri siipitirira mawati 50. TV yodya mawati 250 ikayaka maola anayi imatha yunitsi imodzi ya magetsi a ESCOM. Pa mwezi ndi mayunitsi 30, osawerengera dikoda ndi zokuzira mawu.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 aliwonse m'Malawi ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo m'midzi yambiri ya kummwera kwa Mzimba anthu amadalira sola ndi batire. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwana yunitsi imodzi ndi pang'ono, ndipo kuti likhalitse siliyenera kutsitsidwa kupyola theka. Plasma ya mawati 250 imamaliza thekalo m'maola awiri okha, kutanthauza masewero amodzi a mpira. LED yaing'ono ingayake usiku wonse pa batire lomwelo. Pa chifukwa chimenechi, mphatso ya plasma yochokera ku Joni nthawi zina imangokhala chokongoletsa pabalaza, kapena imakakamiza banja kugula mapanelo ena, inveta yaikulu kapena jenereta.

Kumene kuli magetsi a ESCOM, choopsa ndi kuthimathima kwake. Magetsi akabwera mwamphamvu atazima, gawo lolandira magetsi m'kati mwa TV limatha kupsa. Kachipangizo kotetezera, kamene kamadikira kanthawi kasanalole magetsi kulowa, ndi kotchipa poyerekeza ndi kukonzetsa. M'nyengo yamvula, kuyambira November mpaka April, mphenzi imatha kulowera pa chingwe cha mbale kapena cha eriyo, choncho kuzimitsa pa soketi pokha sikukwanira. Zingwezo zimafunika kuzula.

Kupserera kwa chithunzi ndi chisamaliro

Mankhwala a phosphor amafooka akamawala nthawi yaitali. Chinthu chikakhala malo amodzi pa sikirini kwa maola ambiri tsiku ndi tsiku, mthunzi wake umatha kutsalira mpaka kalekale. Zimene zimachita izi kawirikawiri ndi chizindikiro cha tchanelo pakona, kabokosi koonetsa zigoli ndi nthawi ya mpira, ndi mizere ya nkhani yoyenda m'munsi. Vutoli limakula m'malo oonetsera mpira ndi mafilimu molipiritsa pa misika, kumene tchanelo imodzi imakhala tsiku lonse. Kuchepetsa kuwala ndi kusinthasintha matchanelo kumathandiza, ndipo plasma za m'zaka zomaliza zinali ndi njira yosuntha chithunzi pang'onopang'ono popanda woonera kuzindikira.

Chizolowezi chophimba TV ndi nsalu poteteza fumbi n'chabwino ikakhala yozima. Ikayaka, nsaluyo imatseka timabowo totulukira kutentha, ndipo zipangizo za m'kati zimafa msanga. Plasma imadziwikanso ndi kaphokoso ka ngati njuchi m'malo okwera kuposa mamita 2,000, koma boma la Mzimba lili cha m'ma 1,300, choncho phokoso lalikulu pamenepo limasonyeza kuti china chake chawonongeka. Popeza zipangizo zatsopano sizikupangidwanso, amisiri okonza amadalira kuchotsa mabolodi mu plasma zina zakufa za mtundu womwewo, ndipo nambala yolembedwa pa bolodi iyenera kufanana ndendende ndi ya lowonongekalo.