Tulo ta ku Chembe

Mu Okutobala 1875 sitima ya Ilala idafika ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi wa Chembe, itanyamula amishoni a ku Scotland. Mmodzi mwa iwo adali Dr Robert Laws. Pa 2 Malichi 1876 iye adagoneka mnyamata wina ndi mankhwala a chloroform n'kumuchotsa chotupa pamwamba pa diso. Mabuku amati aka kadali koyamba kuti munthu achitidwe opaleshoni atagonetsedwa m'chigawo chino cha Africa.

Taganizani mmene mtima wa mnyamatayo unkagundira. Mlendo wolankhula chinenero chosamveka wamuika kansalu pamphuno, mpeni uli poteropo. Ndipo manthawo adali oopsa kuposa momwe madokotala a nthawiyo ankadziwira.

Chloroform adayamba kumugwiritsa ntchito James Young Simpson ku Edinburgh mu 1847. Pasanathe miyezi itatu, mu Januwale 1848, Hannah Greener wa zaka 15 adamwalira pafupi ndi Newcastle atangomununkhiza mankhwalawa kuti amuchotse chikhadabo cha kuphazi. Mtsikanayu adalowa ali ndi mantha aakulu. Mu 1911 Goodman Levy adaonetsa pa amphaka kuti chloroform akakumana ndi adrenaline, mtima umasokonekera mpaka kusiya kupopa magazi. Adrenaline ameneyu ndi yemwe thupi limatulutsa munthu akaopa: mtima umathamanga, mitsempha imafinyika, BP imakwera, mpweya umachita befu.

Laws adalibe choyezera BP. Adali ndi zala zake basi, zogwira pamkono. Chipangizo chomanga pamkono chija adachipanga Riva-Rocci ku Italy mu 1896, ndipo Harvey Cushing adachitengera kufiyeta ku America mu 1901, chipatala cha St Martin's ku Malindi chili chakhanda.

Mu 1963 Lawrence Egbert ndi anzake ku Boston adapeza kuti wodwala amene wogonetsa wacheza naye dzulo lake, n'kumufotokozera zomwe zichitike, amakhala wodekha kusiyana ndi yemwe wangopatsidwa mankhwala oziziritsa thupi. Mankhwalawo ankabweretsa tulo, koma mantha ankatsala.

Lero chloroform adasiyidwa kalekale. Pachipatala chachikulu cha Mangochi, monga m'maboma ena, ogonetsa ambiri ndi ma clinical officer, ndipo mayi wobereka kudzera pa opaleshoni nthawi zambiri amabayidwa jakisoni wa pamsana. Amakhala maso, akumva zitsulo zikulira komanso madokotala akuyankhulana m'Chingerezi. Gadiyani watsala panja. Ngati mayiyo ndi wa ku Makanjira, mwina ngakhale Chichewa chenichenicho sakuchigwira bwino.

Tsono m'bale wanu akauzidwa kuti mawa alowa kufiyeta, musamutonthoze ndi nkhani za omwe adapita osabwerako. Funsani kuti wogonetsa afika liti kuwodi, ndipo ngati wodwalayo amamasuka m'Chiyao, pezani womasulira usiku womwewo. Afotokozeredwe kuti miyendo ichita dzanzi, kuti amva kukokedwa koma osati ululu, ndiponso kuti akhoza kuyankhula nthawi ina iliyonse.