Nyambo ya nthenga ndi kuwala kwa UV

Kodi munakhalapo m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, nyongolotsi zatha, koma nsomba zikungodumpha pamaso panu? M'cilimwe nthaka ya ku Moatize imauma gwa, ndipo kupeza nyongolotsi ndi nchito yaikulu. Koma pali nyambo ina yosafuna khasu. Imamangidwa pa mbedza ndi nthenga ndi ulusi. Azungu amaicha fly, kutanthauza nchenche, cifukwa zoyamba zinkafanana ndi tizilombo togwera pamadzi. Masiku ano ena amaimanga ngati kansomba kakang'ono.

Ogulitsa zida zowedzera ali ndi ulusi ndi nthenga zolembedwa kuti UV. Mtengo wake ndi wokwera. Musanatulutse meticais anu, dziwani cimene mukugula.

Kodi UV ndi ciani?

Yang'anani utawaleza. Mbali imodzi uli ndi mtundu wofiira, mbali ina wapepo. Kupitirira wapepowo pali kuwala kwina kumene maso athu saona. Dzina lake ndi ultraviolet, mwacidule UV. Johann Ritter wa ku Germany ndiye anakutulukira mu 1801. Kuwala kumeneku kumacokera ku dzuwa, ndipo ndi komweko kumene kumawaula khungu, makamaka la anzathu acialubino. Ngati munaonapo kanyali kapepo koyesera ndalama zacinyengo ku banki, kameneko ndi ka UV.

Nsomba zina zimakuona kuwala kumeneku. Mbuna zambiri za m'nyanja ya Niassa zimakuona. Nsomba ya m'madzi ozizira yochedwa trout imakuona bwino ikadali yaing'ono, koma ikamakula mphamvuyo imacepa. Conco si nsomba iliyonse, ndipo si nthawi iliyonse.

Zinthu ziwiri, dzina limodzi

Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Pali zinthu zimene zimangobweza kuwala kwa UV, monga galasi limabwezera dzuwa. Kwa inu zimaoneka wamba. Zimathandiza pokhapokha ngati nsombayo imaona UV.

Pali zinanso zimene zimamwa UV nkuisandutsa mtundu wowala woti aliyense auone, munthu ndi nsomba yomwe. Izi mumazidziwa kale! Ganizani za malaya acikasu kapena alalanje amene anchito a ku migodi ya malasha ya Moatize amavala, kapena amene amavala okonza msewu wa N7 wopita ku Zóbuè. Kumadzulo, zovala zina zikayamba kucita mdima, malaya aja amakhala ngati akuyaka. Cifukwa cake ncakuti dzuwa likatsika kapena kukacita mitambo, mitundu wamba imazimirira, koma utoto uja umapitiriza kumwa kuwala kwa UV ndi kwabuluu kumene kwatsala.

Kwa msodzi wa kuno, zaciwirizi ndiye zaphindu. Ndipo simufunika kupita ku sitolo ya alendo. Malaya otere akang'ambika, dulani kachidutswa kake, kapena solani ulusi wake. Koma akhale osafwifwa, cifukwa dzuwa limapha utotowo pakapita nthawi.

Madzi ndi amene amalamula

UV siyenda patali m'madzi amatope. M'dzinja, Revúbuè ndi Zambezi zikasanduka zofiira ngati phala la mapira, kuwalako kumathera pamwamba penipeni. Nthawi imeneyo nsomba sizidalira kwambiri maso. Zimamva kugwedezeka kwa madzi ndi mzere umene uli m'mbali mwa thupi lawo, zina zimatsata fungo. Mlamba ndiye usamutayire nthenga zako, iye amafufuza cakudya ndi ndevu. Mpatseni nyongolotsi kapena matumbo a nkhuku basi.

Mvula ikatha, matope akakhazikika, ndiyo nyengo ya nyambo ya nthenga. Yesani m'mawa kwambiri ndi madzulo. M'timitsinje ta kumapiri a Zóbuè, pamene madzi ndi ocepa ndi oyera, samalani: mtundu wowala ukacuruka nsomba zimacita mantha. Kadontho kamodzi kofiira kapena kalalanje pamutu pa nyambo nkokwanira.

Kamangidwe kake

Tengani mbedza ya khosi lalitali. Ibayeni pa kamtengo kofewa kuti isagwedezeke. Kulungani ulusi wosokera kuyambira pa diso la mbedza mpaka pamene ikuyamba kupindika. Pamenepo mangani nthenga ziwiri kapena zitatu zoyera za m'khosi mwa tambala, zipitirire mbedza ngati mcira. Nthenga za nkhanga nazonso ndi zabwino, madontho ake amaoneka ngati mamba.

Kenako kulungani pepala lonyezimira la m'paketi ya mabisiketi, lodulidwa mopyapyala, kuti likhale mimba ya kansomba. Mbali iliyonse ikani kachidutswa kamodzi ka nsalu yowala ija. Kamodzi kokha. Malizani ndi kumanga mfundo zingapo pafupi ndi diso la mbedza.

Mfundozo zimafuna guluu kuti zisamasuke. Pali guluu wina wa UV amene amakhala wamadzimadzi mpaka mutamuunika ndi tochi ya UV, ndiye amauma m'masekondi ocepa. Dzuwa nalo limamuumitsa, conco botolo lake lisungeni pamthunzi. Musayang'ane m'tochiyo, musaunike nayo ana m'maso, ndipo guluuyo asakhudze khungu, cifukwa ena amawatulutsa zidzolo. Mukasowa guluu ameneyu, utoto wopaka m'zikhadabo umagwira nchito yomweyo. Umangocedwa kuuma.

Pamadzi

Nsomba imene imakonda kwambiri nyambo yotere ndi mceni, cifukwa imasaka ndi maso ndipo imadya nsomba zinzake. Mano ake ndi akuthwa ngati lumo. Pakati pa mbedza ndi nayiloni ikani kawaya kotalika ngati cikhato canu, apo ayi mceni udula cingwe nkupita ndi nchito yanu yonse. Pende amafuna kanyambo kakang'ono kwambiri, pa mbedza yaing'ono.

Nthenga nzopepuka, siziponyeka patali zokha. Mangani kamtovu pang'ono kutsogolo kwake. Mukaponya musaisiye ingokhala ngati nyongolotsi. Kokani, imani, kokaninso, kuti ioneke ngati kansomba kovulala. Ndipo imani patali pang'ono ndi madzi akuya, paja mitsinje imeneyi ili ndi ng'ona.

Mukafuna kudziwa ngati mtundu wowala ukuthandizadi pa dooko lanu, mangani nyambo ziwiri zofanana, ina yokhala ndi nsalu yowala, ina yopanda. Muziwedza nazo mosinthana, mphindi 15 iyi, mphindi 15 inayo. Lembani m'kope tsiku, nthawi, maonekedwe a madzi ndi nsomba zimene nyambo iliyonse yagwira, mpaka pathe masabata awiri kapena atatu.