Wotsogolera Mapemphero m'Minda ya Tiyi ku Thyolo

Tikamaphunzira mbiri ya Eklezia m'Malaŵi, timaloŵeza maina a ansembe ndi zaka zimene anatsekula mishoni zao. Koma tikafunsa kuti ankatsogolera mapemphero a Lamulungu ndani m'dera la Mfumu Nchilamwela ndi m'midzi ina ya pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, tipeza kuti nthaŵi zambiri sanali wansembe ai, anali katekisi.

Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'chaka cha 1901, natsekula mishoni ya Nguludi mu 1903. Nthaŵi imeneyo n'kuti Alomwe ambirimbiri akuloŵa m'dziko muno kuthaŵa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Ambiri anakhala pa malo a azungu, namalipira ndi ntchito ya thangata, imene inathetsedwa mu 1962. Tiyi anayamba kubzalidwa ku Thyolo cha mu 1908, ndipo minda yonga ya Conforzi ndi ya Satemwa, yotsekulidwa mu 1923, inakula ndi thukuta la anthu ameneŵa.

Popeza ansembe anali oŵerengeka, matchalitchi a kumidzi ankakhala masabata ambiri osaona Misa. Katekisi ndiye ankaliza belu, kuyambitsa nyimbo, kutsogolera Korona, kuŵerenga Mthenga Wabwino ndi kuperekeza maliro. Wansembe akabwera, ankachita Misa m'Chilatini atayang'ana ku guwa, pamene anthu ankatsata mapemphero ndi nyimbo za Chinyanja zoyambitsidwa ndi katekisi yemweyo. Motero kwa munthu wothyola tiyi masiku asanu ndi limodzi, liwu lomuitana kutamanda Mulungu linali la mnzake wa m'mudzi.

Pa 4 December 1963 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatikano unatulutsa chikalata cha Sacrosanctum Concilium, chimene chinatsekula khomo kwa zilankhulo za anthu ndi kulemekeza nyimbo za makolo ao. Mu 1966 Malembo Oyera anatuluka m'Chinyanja, ndipo mu 1967 Ambuye James Chiona anakhala Arkiepiskopi wa Blantyre woyamba wa Chimalaŵi. Ng'oma ndi maseche zinaloŵa m'tchalitchi. Mu 1976 aepiskopi a AMECEA anaika patsogolo timagulu ta Akhristu, timene kuno timati malimana. Kuyambira pamenepo amai ndi achinyamata nawonso anayamba kutsogolera mapemphero. Roma inapereka malangizo a mapemphero a Lamulungu opanda wansembe mu 1988, ndipo Papa Francis anakhazikitsa utumiki wa katekisi mu 2021. Apa Eklezia anangovomereza mwalamulo chimene midzi yathu inali itachita kwa mibadwo.

Kulemera kwa udindowu kunaoneka pa 8 March 1992, pamene kalata ya aepiskopi ya nyengo ya Lenti inaŵerengedwa m'matchalitchi a dziko lonse. Kalatayo inadandaula za malipiro ochepa a antchito ndi za kusoŵa kwa ufulu wolankhula. Boma linati kupezeka nayo ndi mlandu, Monsignor John Roche anathamangitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya ku Balaka inatenthedwa. Kumene kunalibe wansembe, woima pa gome la Mau ndi kalata yotere anali munthu wamba, wopanda mkanjo womuteteza.

Tiphunzirapo chiyani? Choyamba, pakamwa potamanda Mulungu ndi pakamwa ponena zoona ndi pamodzi. Wotsogolera nyimbo sangasiyanitse ziŵirizi. Chachiŵiri, wansembe sayambitsa pemphero la mpingo, amalipeza lili m'kati. Tsono ife ansembe, ndi inu abale a ku seminale, tikatumidwa ku parishi tiyambe tafunsa ngati akatekisi athu ali ndi mabuku, maphunziro ndi malipiro oyenera. Tilembenso maina a akatekisi akale okalamba oŵakumbukira akali moyo, pakuti mbiri yosalembedwa imapita kumanda pamodzi ndi eni ake.