Kodi Mwambo wa Mphatso za pa Khrisimasi Udachokera Kuti?

Ku Matandani ndi m'midzi ina ya boma la Neno timakhala limodzi ndi abale a mipingo yosiyanasiyana, ndipo akatekisiti amafunsidwa kawirikawiri ngati kupatsana mphatso pa Khrisimasi si mwambo wachikunja. Tiyeni tione mbiri yake.

Anthu akale a ku Norway, Sweden, Denmark ndi Iceland ankachita chikondwerero chotchedwa Yule m'nyengo yozizira kwambiri, pamene usiku umatalika ndipo dzuwa limaoneka maola ochepa. Ankapha ziweto, kupereka nsembe kwa milungu yawo monga Odin, ndi kumwa mowa popempha chaka cha zokolola ndi mtendere. Mafumu ankapatsanso mphatso anthu owatumikira. Snorri Sturluson wa ku Iceland, polemba cha m'ma 1230, adafotokoza kuti Haakon, mfumu yachikhristu ya ku Norway ya m'zaka za m'ma 900, adalamula kuti Yule izichitika nthawi imodzi ndi Khrisimasi. N'chifukwa chake mpaka lero anthu a m'maikowa amatchula Khrisimasi ndi dzina lakale lomwelo.

Koma Khrisimasi sidabadwe kuchokera ku Yule. Kalendala ya ku Roma ya chaka cha 354 idalemba kale 25 Disembala ngati tsiku la kubadwa kwa Ambuye, pamene Ansgar Woyera adakalalika ku Sweden patapita zaka zoposa 450. Ena amati Father Christmas ndi Odin yemwe uja, amene ankakwera hatchi ya miyendo 8, koma palibe zolembedwa zakale zotsimikiza zimenezi.

Mizu yodziwika bwino ndi iwiri. Woyamba ndi anzeru a kum'mawa amene adapereka golide, lubani ndi mure kwa Mwana Yesu, monga tiwerenga pa Mateyu 2. Wachiwiri ndi Nicholas Woyera, Episkopi wa ku Myra, m'dziko limene lero ndi Turkey, amene adakhala m'zaka za m'ma 300. Amasimbidwa kuti adaponya golide usiku m'nyumba ya bambo wosauka kuti ana ake aakazi atatu akwatiwe mwaulemu. Timamukumbukira pa 6 Disembala. Anthu a ku Netherlands amamutcha Sinterklaas, ndipo dzinali lidasanduka Santa Claus ku America.

Kwathu kuno Khrisimasi imafika mvula ili pakati, tikupalira chimanga, nkhokwe zambiri zitayamba kuchepa. Makolo ena amagulitsa feteleza kapena kutenga katapila kuti ana avale zatsopano ndi kudya mpunga wa nkhuku, kenaka njala imawapeza mu Febuluwale. Nicholas Woyera adapereka mobisa, kwa munthu amene sakanatha kubweza. Choncho m'miphakati yathu tiyambe ndi kufunsana kuti ndi mayi wamasiye uti, ndi nkhalamba iti imene ilibe ufa, ndi ndani amene munda wake sunapaliridwe chifukwa cha matenda. Kukamupalirira munthu wotere ndi mphatso yoyenera tsikuli.