Mbiri ya Mwayi wa Sekondale kwa Ana a ku Kandeu

Chaka cha sukulu za sekondale m'Malawi chimagawidwa m'materemu atatu, ndipo mwana wa ku Kandeu, m'boma la Ntcheu, amayamba kuwerenga materemuwo akakhoza mayeso a Sitandade 8 a PSLCE n'kupezeka pa mndandanda wa osankhidwa. Mndandandawo umanenanso kumene akupita: ku sukulu ya boma yogonera konko yolandira ana a m'dziko lonse, ku sekondale ya m'boma lake monga Ntcheu Secondary School, kapena ku sukulu yoyendera ya m'dera, ya CDSS. Ana ambiri a m'midzi amagwera m'gulu lomalizali. Dongosolo lotere linabwera pang'onopang'ono, patapita zaka zambiri sukulu zoyamba zitafika m'bomali.

Sukulu zinafika ku Ntcheu ndi amishoni. Mu 1887 a Livingstonia anatsegula siteshoni m'chigwa cha Livulezi, imene pambuyo pake inaperekedwa kwa a Dutch Reformed. A Zambezi Industrial Mission anakhazikika ku Ntonda, Chiole ndi Dombole, a Baptist anayamba ntchito ku Gowa, ndipo mu 1901 ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Katolika ku Nzama. Mishoni iliyonse inali ndi timasukulu ta m'midzi tophunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu pang'ono ndi katekisimu. Wanzeru kwambiri ankapita ku siteshoni kukapitiriza, ndipo akamaliza ankakhala mphunzitsi, mlaliki kapena kalaliki. Boma la atsamunda linakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mu 1926, koma sekondale kunalibe m'dziko lonse la Nyasaland.

Sekondale yoyamba, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic inatsatira mu 1942, ndipo ya boma ya ku Dedza inayamba mu 1951. Kwa mnyamata wa ku Ntcheu, Dedza inali pafupi, koma malo anali ochepa kwambiri moti mudzi unkatha zaka osatulutsa ngakhale mmodzi. Atsikana ndiye anali patali zedi. Mayeso omaliza anali a Cambridge, ochokera ku Mangalande, mpaka dziko litayamba kukonza mayeso akeake m'zaka zoyambirira za m'ma 1970. Bungwe la MANEB, limene limalembetsa mayeso lero, linakhazikitsidwa mu 1987.

Ufulu utabwera mu 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linamanga masekondale m'maboma, komabe ana omaliza pulayimale ankachuluka kuposa madesiki a Fomu 1. Ambiri ankabwereza Sitandade 8 kawiri kapena katatu, ena mpaka kusintha dzina, kudikira kuti mwina chaka chamawa asankhidwa. Otsalawo boma linawatsegulira njira ina mu 1965, sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ya Malawi Correspondence College, imene mu 1987 inasintha dzina kukhala Malawi College of Distance Education. Anthu ankangoti MCDE. Ophunzira ankasonkhana pa malo amodzi, nthawi zambiri m'makalasi obwereka a pulayimale, n'kumawerenga timabuku totumizidwa ndi koleji, moyang'aniridwa ndi aphunzitsi amene anaphunzira zophunzitsa ku pulayimale. Panthawi yomweyo, mu 1981, ku Mtunthama m'boma la Kasungu kunatsegulidwa Kamuzu Academy, yotenga ana ochepa okhoza kwambiri m'boma lililonse n'kumawaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Wa MCDE ndi wa ku Academy onse ankatchedwa ana a sekondale, koma kusiyana kwawo kunali kwa usiku ndi usana.

Kusintha kwakukulu kunadza mu 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale. Ana olembetsa anakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira, ndipo zinali zoonekeratu kuti khamu limeneli lidzafuna sekondale. Mu 1998 malo a MCDE aja anasandutsidwa ma Community Day Secondary School (CDSS), nalowa m'manja mwa Unduna wa Zamaphunziro. Apa m'pamene sekondale inafikadi kumudzi. Mwana wa mlimi wa chimanga ndi mtedza wa ku Kandeu ankatha tsopano kuvala yunifomu ya Fomu 1 akugona kwa makolo ake.

Chikwangwani chinasintha msanga, koma zam'kati zinachedwa. Ma CDSS ambiri anayamba opanda labotale, opanda laibulale, ndi aphunzitsi omwe aja a pulayimale, amene ena anapita kukawonjezera maphunziro ku Domasi College of Education patapita nthawi. Mayeso a Fomu 4 a MSCE sasankha: pepala la sayansi limene amalemba mwana wa ku Dedza Secondary ndi lomwelo limafika kwa amene sanagwirepo chida chilichonse cha mu labotale. Mtunda nawo unabala chizolowezi chimene ophunzira amachitcha self-boarding, kumene ana ochokera kutali amachita lendi kanyumba pafupi ndi sukulu n'kumadziphikira okha. Atsikana ndiwo amavutika kwambiri m'nyumba zoterezi, ndipo n'chifukwa chake nkhani yomanga mahositelo a atsikana siichoka pa misonkhano ya makolo ndi aphunzitsi. Amene sanasankhidwe konse amalowa makalasi a masana otchedwa open, olipira, m'zipinda zomwezo anzawo akaweruka.

Za atsikana zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1990. Kale mtsikana akatenga pakati ankachotsedwa sukulu osabwereranso. Mu 1993 boma linalola kuti azibwerera akabereka, ndipo pulojekiti ya GABLE, yothandizidwa ndi USAID, inalipirira atsikana fizi kwa zaka zingapo. Bungwe la CAMFED, lothandiza maphunziro a atsikana, linayamba ntchito m'Malawi mu 2009, ndipo makhonsolo nawo amapereka thandizo la fizi kwa ana ovutika, ngakhale opempha amachuluka nthawi zonse kuposa ndalama zimene zilipo. Mu 2018 boma linalengeza kuchotsa K500 ya maphunziro pa teremu pamodzi ndi ndalama ya mabuku ndi ya thumba la zosowa za sukulu. Zimenezi zinali ndalama zochepa poyerekeza ndi ya chitukuko cha sukulu ndi ya malo ogona, zimene zinatsala pa msana wa makolo.

Kalendala ya materemu nayo yakhala ikusuntha. Kwa zaka zingapo kuchokera chakumapeto kwa m'ma 1990, chaka cha sukulu chinkayamba mu Januwale n'kutha chakumapeto kwa chaka. Mu 2010 chinabwerera koyambira mu Seputembala n'kutha mu Julaye. Kwa mlimi, mwezi wotsegulira si nkhani yaing'ono. Mu Seputembala amakhala atagulitsa mtedza, soya kapena fodya, choncho yunifomu, makope ndi zina zofunika pa teremu yoyamba zimatheka, ngakhale ndalama yomweyo imalimbirananso ndi feteleza. Teremu yachiwiri ndiyo yowawa, pakuti imatsegulidwa mu Januwale, nkhokwe zitapepuka, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira, mitsinje itadzaza. Ana ambiri ojomba amaoneka m'miyezi imeneyi, ndipo obwezedwa chifukwa cha fizi ankachulukanso nthawi yomweyi. Teremu yachitatu imayamba chakumapeto kwa Epulo, nthawi yokolola, ndipo ndi ya mayeso a MANEB.

Mliri wa Covid-19 unasokoneza dongosololi. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, ndipo makalasi olemba mayeso anabwerera mu Seputembala. Mayeso a MSCE a chaka chimenecho anathetsedwa mu Novembala atabedwa, nalembedwanso mu Januwale 2021. Chaka cha sukulu chinabwerera mwakanthawi koyambira mu Januwale, materemu anafupikitsidwa, mpaka kalendala yakale inabwezeretsedwa. Mayeso a Fomu 2 a JCE, amene boma linalengeza kuwathetsa mu 2015, anayambanso kulembedwa mu 2021.

Akamaliza Fomu 4, wophunzira amayesedwa ndi mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo mapointi ochepa ndiwo abwino: 6 ndiye pamwamba penipeni. Kuti aganiziridwe ku yunivesite ya boma, amafunika makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Kusankha potengera boma lochokera, kumene anthu ankakutcha kota, kunabwereranso cha m'ma 2009 n'kuthetsedwa mu 2020. Mayunivesite a boma tsopano alipo asanu ndi imodzi: UNIMA, MZUNI, LUANAR, MUST, MUBAS ndi KUHeS, ndipo osowa amapempha ngongole ku bungwe loona za ngongole za ophunzira limene linakhazikitsidwa mu 2015. Ena amalowa m'makoleji a uphunzitsi ndi unamwino, kapena m'sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA, bungwe limene lakhalapo kuyambira 1999, kukaphunzira ukalipentala, zomangamanga, zamagetsi ndi kusoka.